Tuwa ya mbiri ku Pilgrim's Rest: golide tinamuona, koma nkhani anatiuza theka

Ndiyambe ndi zomwe ambiri mumathamangira kuona: pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 3 ndi theka. Dzina la kampani sinditchula, ndi kakampani ka anthu awiri ndi minibasi imodzi basi, ndipo zina zomwe ndidandaule apa mwina zinangochitika tsiku lathulo, ndiye sindikufuna kuwaphera bizinesi anthu. Koma ngati mukuganiza zolipira munthu kuti akutengeni ku Pilgrim's Rest, katauni kakale ka migodi ya golide ku South Africa, akakufotokozereni mmene katauni kameneka kanayambira, werengani kaye, pali zomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndisanatulutse ndalama.

Amene anatikokera ku ulendowu ndi alamu anga, munthu woti akaona chithunzi pa Facebook mawa lake wayamba kale kusonkhetsa ndalama. Anabwera ndi foni, taonani alamu, tauni yonseyi ndi myuziyamu, nyumba zake ndi zomwe zija za m'ma 1800. Ine kuyang'ana ndikungoona tinyumba ta malata, ndinawafunsa kuti alamu, zoona tiyende makilomita oposa 300 kukaona malata? Mayi akunyumba anangoti tiyeni, Loweruka lililonse mumangokhalira kugona inu. Ndiye tinapita, anthu 9 mu minibasi, ife atatu ndi ena osawadziwa, kuphatikizapo azimayi awiri achikulire a ku Germany omwe anali ndi kamera yoti ukaiona umabweza foni yako mthumba.

Anatiuza kuti tinyamuka 5 koloko mmawa, minibasi inafika 6 itatsala pang'ono, popanda ngakhale pepani, dalaivala anangoti kwerani. Nyenyezi yoyamba inayamba kugwedera pomwepo. Msewu wake ndi wautali ndithu, kuchoka ku Johannesburg mumadutsa eMalahleni, kukhota cha ku Belfast, Dullstroom komwe kumazizira ngati mwalowa mufiriji, kenako Mashishing yomwe ambiri amaitchulabe Lydenburg, nkukalowa msewu wa R533. Gayidi wathu, mnyamata wa zaka za m'ma 30 wovala chipewa cha kaki, anagona kuyambira pa toll gate yoyamba mpaka Mashishing. Mumtima ndinkati apa tabetsa. Koma titangoyamba kukwera Robber's Pass munthu uja anadzambatuka, kupukuta kumaso, kutenga maiki, ndipo kunena zoona pakamwa ali napo.

Anayamba ndi nkhani ya akuba poti dzina la njirayo ndi lomwelo. Golide wa ku Pilgrim's Rest ankamunyamula pa ngolo ya makalata kudutsa mmapiri momwemu. Mu 1899 anthu awiri ophimba nkhope anaimitsa ngolo nkutenga golide wa ndalama zokwana mapaundi 10,000, sanagwidwe. Ndiye mu 1912 munthu wometa tsitsi wa mtauni momwemo, Tommy Dennison, ngongole zitamufika mkhosi anati nanenso ndiyese mwayi. Anaimitsa ngolo bwinobwino, koma zomwe anathawa nazo anali makobidi a siliva osati golide, ndiye mmalo mothawira kutali iye nkubwerera mtauni kuyamba kubweza ngongole zake ndi makobidi omwewo, mkatauni koti aliyense amadziwa zomwe mnzake wadya dzulo. Anamugwira, kundende zaka 5, atatuluka anabwerera konko nkutsegula galaji yomwe anaitcha Highwayman's Garage, ndiye kuti galaji ya wachifwamba wa pamsewu. Minibasi yonse kuseka, alamu mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma ndinayamba kuona kale kuti mnyamatayu amakonda nkhani zoseketsa kuposa zina, ndipo tsiku lonse linayenda choncho.

Chiyambi chenicheni anatiuza titatsika, taima mmbali mwa kamtsinje komwe amakatcha Pilgrim's Creek, kamene kamakathira mu mtsinje wa Blyde. Kamtsinje kake mukakaona simungakhulupirire kuti kanasokoneza mitu ya anthu mpaka ku Australia ndi ku California, malo ena mwana wa sukulu akhoza kungodumpha. Mu 1873 dera limeneli linkawerengedwa kuti lili pansi pa dziko la Mabunu la Transvaal, pulezidenti wake Thomas Burgers. Golide anali atapezeka kale kumayambiriro kwa chakacho cha kufupi ndi komwe kuli Sabie lero, ndipo Burgers atapita kukaona anapeza kuti pa mndandanda wa okumba mayina ambiri akuyamba ndi Mac, anthu a ku Scotland, iye nkungoti basi pano ndi pa Mac Mac. Dzinalo linakanirira, mathithi a Mac Mac omwe anthu amajambulitsapo aja ndi omwewo.

Ku Mac Mac kunadzaza anthu. Ndiye panali Alec Patterson, munthu wosakonda chigulu, yemwe katundu wake yense ankamukankha pa wilibala mpaka anzake anangomutcha Wheelbarrow Patterson. Ananyamuka yekha, kukwera mapiri nkutsikira mchigwa chino, kuviika beseni mmadzi, golide uyo. Anakhala duu, osauza munthu. Koma pasanapite nthawi William Trafford anafika mchigwa momwemo, kupeza zomwezo, iye nkupita kukalembetsa malo ake kwa komishonala wa golide, basi chinsinsi chathera pomwepo. Pa 22 September 1873 boma linalengeza kuti malowa ndi okumbapo golide, ndipo chaka chisanathe munali okumba pafupifupi 1,500 mchigwa momwe Patterson ankafuna kukhalamo yekha. Chimene chinandiseketsa ine ndi chakuti munthu amene amamuika pa zikwangwani ngati woyambitsa tauni ndi yemweyo amene sankafuna kuti pakhale tauni. Koma ulemu ndimupatse, mapiri amenewo minibasi yathu inkalira pa giya 2, iye ndi wilibala, ayi anali wina munthu ameneyo.

Za dzina la tauni gayidi anati Trafford ataona golide mu beseni anakuwa kuti mlendo wapeza popumira, mapiri nkumubwezera mawu omwewo, ndiye Pilgrim's Rest. Anavomera yekha kuti ndi nkhani yomwe anthu amangouzana. Kenako anati tamverani, nkuika manja kukamwa kukuwa iyenso kuti timve mapiri akuyankha. Kunayankha galu wa kuseri kwa shopu.

Tsopano gawo lomwe ndalama yanga inabwerera lonse ndi ili. Gayidi anatipereka kwa abambo ena achikulire a konko omwe amaonetsa kasefedwe ka golide, anthu osalankhula zambiri, manja awo mukawaona mumadziwa kuti madzi ozizira anazolowerana nawo kalekale. Aliyense anamupatsa beseni lakuda lachitsulo ndi fosholo imodzi ya mchenga ndi timiyala ta mu mtsinje. Nzeru yake ndi yophweka, golide amalemera ka 19 kuposa madzi pomwe mchenga wamba sufika ngakhale katatu, ndiye ukamagwedeza beseni lili mmadzi golide amatsikira pansi penipeni, iwe nkumapendeketsa pang'ono kuti madzi azikokolola zapamwamba, kugwedezanso, kupendeketsanso, mpaka patsale kamchenga kakuda kolemera, ndipo ngati mwayi ulipo mkati mwa kakuda kameneko mumatuluka timadontho tachikasu tosasuntha ngakhale madzi adutsepo. Kunena nkosavuta. Ine ulendo woyamba ndinataya zonse, ndinapendeketsa ngati ndikutsuka mbale. Abambo aja anangondigwira dzanja, anati pang'onopang'ono mwana wanga, golide sathamanga, othamanga ndinu.

Ulendo wachiwiri ndinaona timadontho titatu. Abale, ndisakunamizeni, mtima unagunda. Ndi tinthu toti sungagule nato ngakhale machesi, koma mutu unayamba kale kuwerengera kuti nditakhala pano sabata imodzi bwanji, nditakumba pansi pa mwala uwo bwanji. Alamu akuti amathiramo dala kuti alendo asangalale, kaya, ine sizinandikhudze, chomwe ndinamvetsa pamenepo ndi matenda omwe anagwira anthu aja mu 1873, ndipo palibe gayidi akanandifotokozera ndi pakamwa. Chachiwiri chomwe ndinamvetsa ndi msana. Mphindi 15 zokha nditawerama mmadzi oundana aja zala zinali zitafa, msana ukuyaka, mayi akunyumba anasiya kalekale ali pamwala akujambula.

Abambo aja anationetsanso kuti beseni linali loyesera chabe ndi kumalizira, ntchito yeniyeni inkachitika ndi bokosi lalitali lamatabwa lokhala ndi timipiringidzo pansi pake, amathiramo dothi ndi miyala madzi akuyenda, zopepuka zimapita golide amakodwa pa timipiringidzo. Kuti madzi afike pa malo ako pankafunika kukumba ngalande, zina zoyenda mtunda wautali mmbali mwa phiri. Ndipo golide wonenepa ankakhala pansi pa miyala ikuluikulu ya mu mtsinje, ndiye miyalayo inkayenera kusunthidwa kaye. Chibuma china chotchuka cha mderali, chomwe anachitcha Breda, chinalemera ma ounce 214, makilogalamu oposa 6. Ndinayang'ana miyala ija, ina kukula ngati galimoto yaing'ono, ndinayang'ana zala zanga zakufa zija, funso linabwera lokha: ankasuntha miyala imeneyi ndani? Ndinalisunga kaye.

Kuchoka apo tinakwera kumanda. Valani nsapato zabwino, ndi pa chitunda chenicheni, mmodzi wa azimayi a ku Germany aja anapuma katatu koma anafika. Manda onse anayang'ana mbali imodzi kupatula amodzi omwe anagona chopingasa, kumpoto ndi kummwera, olembedwa kuti Robber's Grave basi, popanda dzina. Nkhani yake ndi yakuti munthuyo anagwidwa akuba mu tenti ya mnzake, ndipo ku malo oti chuma chonse cha munthu chili mu tenti yopanda chitseko umenewo unali mlandu waukulu koposa, anamuthamangitsa nkumuuza kuti asadzaonekenso, iye anabwerera, anamuwombera nkumukwirira pomwe anagwerapo, anthu ena nkuyamba kuikidwa momuzungulira. Apa gayidi anali pa ntchito yake, mawu kutsitsa, kuima kaye pang'ono, zonse. Koma ine zomwe zinandigwira ndi miyala ina ija yomwe iye ankangoidutsa, anyamata a zaka za m'ma 20 ochokera maiko akutali, makanda a miyezi yochepa. Katundu wambiri ankachokera ku doko la Delagoa Bay, komwe kuli Maputo lero, ndipo njira yake inkadutsa kuchigwa kotentha komwe malungo ankagwira anthu, kashembe nkumapha ng'ombe zokoka ngolo. Munthu ankabwera ndi malungo ake kuchokera kumeneko nkudzafera kuno kozizira.

Potsika mpamene ndinabwereranso ku funso langa la kunyumba lija, la malata. Chifukwa chani tauni yomwe inatulutsa golide zaka pafupifupi 100 inakhalabe ya malata ndi matabwa, msewu umodzi, mbali ina amati Uptown ina Downtown ngati kuli kutali chonsecho ndi kuyenda wapansi? Yankho lake ndi limene kwa ine ndi mbiri yeniyeni ya malowa, koma gayidi analinena mu mphindi ziwiri akuyenda, nkhope ili kutsogolo, ndinachita kumuthamangira kuti ndimve. Poyamba anali matenti, kenako tinyumba tomata ndi dothi, aliyense akudziwa kuti golide akatha tinyamuka. Golide wa mu mtsinje uja anayambadi kuchepa zaka zochepa chabe, wotsalayo anali mkati mwa thanthwe, wofuna makina ophwanyira miyala ndi ndalama zambiri, osati beseni. Nthawi yomweyo dziko linali pa chipwirikiti, 1876 Burgers anapita kukamenyana ndi mfumu Sekhukhune ya Bapedi nkubwerako manja ali mkhosi, 1877 Angerezi analanda Transvaal, 1880 mpaka 1881 Mabunu anamenya nkhondo nkulitenganso dziko lawo. Ndiye mu 1881 munthu wa ndalama wa ku London, David Benjamin, anapatsidwa ndi boma chilolezo cha migodi ya dera lonselo, okumba paokha aja anawalipira kuti achoke, ambiri nkulowera ku migodi ya golide ya ku Barberton, kenako ku Witwatersrand, komwe kuli Johannesburg lero, golide atapezeka kumeneko mu 1886. Makampani omwe anatsala anadzaphatikizana cha m'ma 1895 kukhala Transvaal Gold Mining Estates, anthu amangoti TGME.

Mwaona pamenepo? Tauni ya anthu 1,500 aliyense ndi fosholo yake inakhala zaka zosakwana 10. Yomwe tikuionayi ndi ina, ya kampani. Nthaka inali ya kampani, wa sitolo kaya wa hotela ankamanga pa malo oti si ake, ndiye ndani angawononge ndalama kumanga nyumba ya njerwa yosanja pa malo a eni? Malata basi. Ndipo mgodi womaliza utatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 tauniyo inapita mmanja mwa boma yonse yathunthu ngati katundu mmodzi, mu 1986 nkulengezedwa kuti ndi malo otetezedwa a mbiri ya dziko. Ndiye zoti nthawi inaima zomwe amalemba pa malonda zija, nthawi sinangoima yokha, panali mwini malo mmodzi yemwe sankalola kuti iyende. Zimenezi zikanayenera kukhala msana wa tuwa yonse, osati zonenera mnjira.

Titafika pa msewu ndinatulutsa funso langa lija. Ndinati achimwene, mwatiuza za Patterson, za Trafford, za wometa tsitsi, nanga miyala ija ankasuntha ndani, ngalande zija ankakumba ndani? Anangoti eya kunali antchito, nkuloza nyumba ya positi ofesi kuti tiyeni tione iyo. Antchito. Tsiku lonse azungu tawatchula mayina ndi mayina awo achipongwe omwe, anthu akuda omwe anali ochuluka kuposa iwo alowa mu liwu limodzi. Chonsecho chigwa chimenechi sichinali chopanda anthu pomwe wilibala inkafika, dera lonse la mmapiri umu ndi kwawo kwa Mapulana, Bapedi anali chapafupi pomwepo, Amaswazi kummwera, ndipo ena ankachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito. Malamulo a golide a Transvaal sankalola munthu wakuda kukhala ndi layisensi yokumba, ndiye iwe ukhoza kusuntha mwala, kuona chibuma ndi maso ako, kuchitola ndi dzanja lako, koma ndi cha bwana. Nthawi ya TGME mabanja omwe ankakhala pa minda ya kampani ankayenera kupereka anthu okagwira ntchito ku mgodi kuti apitirize kukhala pamalopo. Abambo a beseni aja, nditabwerera kukawapatsa kangachepe, anandiuza okha osawafunsa kawiri kuti agogo awo aamuna anagwira ntchito ku kampani moyo wawo wonse ndipo manda awo sali pa chitunda tinakwera chija.

Chomwe chinandipweteka nchakuti gayidiyo ndi munthu wakuda ngati ine, ndipo zinthuzi akuzidziwa. Nthawi ya nkhomaliro anabwera yekha pomwe ndinakhala, mawu ali pansi, anati bwana musandione ngati sindidziwa, koma alendo ambiri amafuna wilibala ndi akuba, ukayamba zinazo nkhope zimagwa ndipo tipu imachepa. Ndinamumvetsa, pakhomo pamafunika ndalama. Koma ndikuona kuti akuwaderera alendo ake, chifukwa mmodzi wa azimayi a ku Germany aja anamva, anakoka mpando, nkuyamba kumufunsa mafunso omwewo, ndipo kwa mphindi 20 mnyamata uja anatipatsa tuwa yabwino kuposa yomwe tinalipira, za Sekhukhune, za anyamata omwe ankapita ku migodi kuti apeze ndalama yogulira mfuti, za mmene Angerezi anadzamugonjetsera mu 1879 mothandizidwa ndi asilikali a Amaswazi. Anthu enawo sanamve chilichonse, anali panja akujambulitsa.

Nkhomaliroyo, muchenjere, pa uthenga wawo wa WhatsApp analemba ngati ili mkati mwa mtengo, titafika akuti ayi tinkatanthauza kuti tiima kuti mudye. Aliyense anadzilipirira. Alamu anakwiya mpaka anaiwala kuti ulendowu anayambitsa ndi iwo. Koma Royal Hotel yokha ndinaikonda, ya 1894, malata kunja koma mkati matabwa ndi zithunzi zakale, ndipo bala yake ndi nkhani payokha, inali kachalichi komwe anakaphwasula ku Lourenço Marques, Maputo yomwe ija, nkukabweretsa pa ngolo kudzakamanganso pano kuti anthu azimweramo. Ukakhala mkatimo nkuyang'ana kudenga umaonadi kuti munkapemphereredwa muno. Mayi akunyumba anakana kulowa, akuti zimenezo ndi zoputa dala, anadikira pakhonde.

Madzulo mpomwe nyenyezi ina inagwa yonse. Pa pulogalamu panali Alanglade, nyumba ya manijala wa mgodi yomwe inamangidwa mu 1915 kunja kwa tauni pang'ono, ndipo ine ndinkaifuna kwambiri kuti ndione kusiyana kwa mmene bwana ankakhalira ndi tinyumba tamalata tija. Mmalo mwake anatiimika pa shopu ina ya ziboliboli ndi mikanda pafupifupi ola lathunthu, zochita kuonekeratu kuti pali kamgwirizano, kenako akuti nthawi yatha, kumafunika kubukitsa, ulendo wina. Paja tinachedwa ndi iwo omwe mmawa. Nkhani ya ndalama za golide za 1902 anatiuzira mu minibasi injini ikulira, chonsecho ndi nkhani yokoma, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ili kumapeto, Pretoria italandidwa kale, Mabunu anagwiritsa ntchito zipangizo za mu wekishopu ya mgodi pompano kusula ndalama zawo zomwe zimatchedwa Veld Pond, 986 zokha, lero osonkhanitsa makobidi akale amazilimbirana. Za magetsi a ku Belvedere a 1911, omwe kampani inkapanga ndi madzi a mu Blyde kuti makina ophwanya miyala aziyenda, sanatchule nkomwe, ndinaziwerenga pa chikwangwani ndekha.

Tauniyo payokha musayembekezere zonyezimira ngati pa zithunzi za alamu zija. Nyumba zina nzosamalidwa bwino, zina nzotseka, penti ikusupuka, udzu ukulowa pakhonde. Gayidi anatichenjeza kuti tisamapatuke tokha kulowera kumapiri chifukwa mmigodi yakale muli ma zama zama, anyamata okumba popanda chilolezo, ndiye kuti golide sanathe mpaka lero. Ndinaganiza ndekha kuti munthu wobwera ndi fosholo mwakachetechete osafuna kuti boma lidziwe, mu 1873 ameneyo ndi amene ali pa chikwangwani cha tauni. Sindikuikira kumbuyo zomwe zikuchitikazo, anthu a konko akuvutika nazo ndipo madzi akuwonongeka, ndangonena zomwe zinandibwerera mmutu.

Ndiye kodi ndikulimbikitsa? Eya, koma osati mmene tinachitira ife. Ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Johannesburg ndi kudzizunza, maola oposa 8 muli mumsewu kuti mukhale mtauni maola 4, tinafika kunyumba usiku miyendo itatupa. Bola kugona ku Graskop kapena ku Sabie nkubwera mmawa, ndi pafupi. Musanalipire afunseni akulembereni kuti nkhomaliro ndi matikiti a myuziyamu zili mkati kapena ayi, ndipo Alanglade abukitsiratu. Kasefedwe ka golide musakadumphe ngakhale kuzizire bwanji, tengani masokosi ena. Ndipo gayidi wanu mufunseni msanga, musanafike nkumanda komwe, kuti ankakumba ndani, chifukwa ngati ali ngati wathu uja yankho ali nalo, akungodikira aone ngati mukulifuna.

Timadontho tanga titatu tija abambo aja anatiika mu kabotolo kakang'ono ka madzi nkunditsekera. Tili pawindo la kuchipinda. Dzulo ndinaunika ndi tochi ya pafoni ndikuona tiwiri tokha, mayi akunyumba akuti kachitatu kanali mchenga kuyambira kale, ine ndikukana, ndinakaona ndi maso anga kakukana kusuntha madzi akudutsa. Alamu ayamba kale kutumiza zithunzi za Barberton pa gulupu.